WOMATIDWA DZINO AYENERA KUBWERERANSO KU CHIPATALA

Mlimi wa fodya wa ku Mtunthama sanena kuti mbewu yake ndi yabwino pa tsiku limene waokera. Amayamba wadikira kuti aone mbande zimene zagwira ndi zimene zauma. Koma mlimi yemweyo akamatidwa dzino ku chipatala, ululu ukangoleka amapita osabweranso. Khalidwe limeneli likumana a zaumoyo nzeru yofunika kwambiri, ndiyo kudziŵa zaka zimene dzino lomata limakhala lisanaonongekenso.

Chomatira dzino sichikhala mpaka muyaya. Nthaŵi zina chimasweka, nthaŵi zina chimagwa, ndipo nthaŵi zina dzino limayambanso kuola m'mbali mwake. Funso loyenera si lakuti kodi chimagwa kapena ayi, koma lakuti chimagwa liti.

M'chaka cha 1958, akatswiri aŵiri a ku America, Edward Kaplan ndi Paul Meier, adafalitsa njira yoŵerengera zinthu zotere ngakhale pamene anthu ena asoŵa kafukufuku ali m'kati. Vuto la anthu osoŵa ndi lodziŵika bwino m'boma la Kasungu, chifukwa matenanti ambiri amachoka pa esiteti fodya akagulitsidwa.

Nachi chitsanzo chongoyerekeza. Anthu 20 amatidwa dzino limodzi aliyense. Chaka chitatha, onse abwera kudzaonedwa, ndipo zomatira ziŵiri zagwa. Ndiye kuti pa mano 10 alionse, 9 apirira. Pambuyo pake anthu 8 mwa 18 otsalawo asamukira kwawo. Mwa anthu 10 amene abwera chaka chachiŵiri, mmodzi chomatira chake chagwa, kusonyeza kuti 9 mwa 10 apiriranso. Pochulukitsa magawo aŵiriŵa, zipezeka kuti pa mano 100 alionse, 81 amatha zaka ziŵiri ali bwino.

Woŵerenga mosasamala akhoza kunena kuti zagwa zitatu zokha mwa 20, motero 85 pa 100 ali bwino. Iye watenga osamuka aja ngati kuti mano awo ngolimba, pamene sadaŵaone. Wina akhoza kuŵayesa onse olephera, napeza 45 pa 100 basi. Onse aŵiri alakwa. Njira ya Kaplan ndi Meier imaŵerengera munthu pa nthaŵi yokhayo imene adaonedwa, osaonjezera kapena kuchotsapo.

Komabe njirayi ili ndi malire ake. Imakhala yoona ngati osoŵa aja mano awo safanana ndi a otsala m'chimodzi chokha, ndicho kusamuka. Koma ngati obwerera ali okhawo amene dzino likuŵaŵa, chithandizo chabwino chidzaoneka ngati choipa. Ngatinso okhumudwa apita kukazulitsa dzino kwina osanena, chithandizo choipa chidzaoneka ngati chabwino. Nchifukwa chake munthu amene dzino lake lili bwino ndi wofunika m'kaundula mofanana ndi amene akumva ululu.

Phindu la kuŵerenga kotere lidaoneka kale m'maiko oyandikana ndi Malaŵi. M'zaka za m'ma 1980, ku Tanzania, dokotala wa mano Jo Frencken adayamba njira yotchedwa ART, yomata dzino ndi zipangizo za m'manja zokha, popanda makina kapena magetsi. Bungwe la World Health Organization lidailengeza ku dziko lonse mu 1994. Ku Zimbabwe ana a sukulu omatidwa mwa njirayi adatsatidwa zaka zitatu. Kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana wasonyeza kuti chomatira cha pa bowo laling'ono la mbali imodzi chimakhalitsa kuposa cha pa bowo lalikulu lokhudza mbali zingapo. Phunziro lake nlomveka: wofika msanga ndiye amapulumutsa dzino.

Ena adzati ulendo wa ku chipatala cha St Andrew's kapena cha boma ku Kasungu umadya ndalama ndi tsiku la ntchito, makamaka pa nyengo yothyola ndi kusoka fodya. Dandaulo limeneli nlomveka. Koma ulendo wapadera sufunika. Mayi wopita ndi mwana ku sikelo, kapena bambo wokalandira mankhwala ena, angathe kupempha kuti amuonenso dzino tsiku lomwelo. Ogwira ntchito m'zipatala nawo ayenera kulemba m'buku la wodwala tsiku limene dzino lidamatidwa, dzino lake, ndi chomatira chimene chidagwiritsidwa ntchito. Wosamuka atenge bukulo nakalionetse kumene wapita.

Mu 2019 sukulu ya College of Medicine ku Blantyre idayamba kuphunzitsa madokotala a mano m'dziko muno. Madokotala ameneŵa adzasankha bwino chithandizo choyenera anthu a kumudzi pokhapokha atapeza kaundula wonena zoona. Kaundulayo amadzazidwa ndi anthu obwerera. Choncho aliyense womatidwa dzino akaonetse dzinolo kamodzi pa chaka, likuŵaŵa kapena lisakuŵaŵa.