Nalimata wotumizidwa m'katoni amafika ndi mlendo wosaoneka

M'mwezi wa Malichi 2025, bungwe loona za matenda ku America la CDC lidalengeza kuti anthu m'zigawo zingapo za dzikolo adwala matenda otsegula m'mimba a Salmonella, ndipo gwero lake lidali analimata oweta. Sikadali koyamba. Mu 2015 bungweli lidapezanso mtundu womwewo wa Salmonella Muenchen mwa anthu oweta analimata, ndipo mu 2024 a zaumoyo ku Canada adachenjeza za vuto lomweli.

Kwathu kuno nalimata timamudziwa ngati kanyama ka pakhoma kodikirira njenjete pafupi ndi babu. Koma ku America, ku Ulaya ngakhale ku South Africa, anthu amaweta analimata m'mabokosi agalasi monga ena amawetera mphaka. Otchuka ndi a mtundu wa leopard, omwe kwawo ndi ku Pakistan, Afghanistan ndi India, komanso a mtundu wa crested a pachilumba cha New Caledonia. Ambiri amagulidwa pa intaneti, ndipo amafika kwa wogula ngati phukusi.

Kodi amawalongedza bwanji?

Nalimata sangathe kudzipangira kutentha m'thupi monga munthu kapena nkhuku. Kunja kukazizira naye amazizira, kukatentha naye amatentha. N'chifukwa chake ntchito yaikulu ya wolongedza ndi kuteteza nyamayo ku nyengo.

Nalimata aliyense amaikidwa payekha m'kakontena kapulasitiki kokhala ndi timabowo tampweya, ndipo pansi amayalapo pepala lofewa. Kwa mitundu ya kunkhalango pepalalo amalinyowetsa pang'ono. Kakontenako kamalowa m'katoni yolimba yomwe mkati mwake ayalamo Styrofoam, zoyera zopepuka zija timazipeza m'katoni ya firiji yatsopano. Mipata yotsala amaitseka ndi nyuzipepala zofwanyafwanya kuti nyamayo isagubuduzike panjira.

Nyengo yozizira amaikamo kapaketi kotulutsa kutentha, kawirikawiri ka maola 40, koma sikayenera kukhudza kakontenako chifukwa kangamuwotche. Nyengo yotentha amaikamo kapaketi kozizira. Kutentha kumapha msanga kuposa kuzizira: nalimata wa crested amavutika kutentha kukapitirira madigiri 30. Ogulitsa osamala sadyetsa nyamayo tsiku limodzi kapena awiri ulendo usanayambe, amatumiza kumayambiriro kwa sabata kuti phukusi lisagone kudepoti Loweruka ndi Lamlungu, ndipo amasankha ulendo wofika mawa lake. Pa ndege, bungwe la makampani a ndege la IATA lili ndi malamulo ake a kanyamulidwe ka nyama zamoyo.

Chimene katoni singatseke

Zonsezi zimateteza nalimata, koma siziteteza mwana amene atsegule phukusilo. Nyama zokwawa monga analimata, abuluzi, akamba ndi njoka zimatha kukhala ndi Salmonella m'matumbo popanda kudwala. Nalimata wonenepa, wooneka waukhondo, amatha kutulutsa majeremusiwa m'zitosi zake, ndipo kuchoka pamenepo amafika pakhungu lake, papepala, pakakontena ndi m'manja mwa womugwira.

Ulendo ndi kusungidwa mothithikana zimawonjezera vutoli. Ofufuza ku America amene adayeza analimata a mtundu wa tokay ochokera ku Indonesia adapeza kuti atasungidwa kwa miyezi ingapo, otulutsa Salmonella adachuluka kuposa pamene adangofika. Choncho mawu oti "wafika bwino" amangotanthauza kuti nyamayo yafika yamoyo.

Dziko la America lidaphunzirapo kale pa akamba. Mu 1975 lidaletsa kugulitsa tiakamba tomwe chigoba chake sichikwana mainchesi 4, pafupifupi masentimita 10, chifukwa ana ankatiseweretsa ndi kutiika m'kamwa. Lero CDC imalangiza kuti ana osakwana zaka 5, okalamba a zaka 65 kapena kuposerapo, ndi anthu a chitetezo cha m'thupi chofooka asamagwire nyama zokwawa.

Malondawa amapwetekanso nyamazo kumene zimachokera. Kwa anzathu ku Tanzania, m'nkhalango ya Kimboza m'chigawo cha Morogoro, muli kanalimata kabuluu kotchedwa Lygodactylus williamsi. Anthu adakagwira kochuluka n'kumakagulitsa kunja mpaka kadatsala pang'ono kutha. Mu 2016, pamsonkhano wa pangano la CITES ku Johannesburg, maiko adagwirizana zoletsa malonda a pakati pa maiko a analimata amenewa ogwidwa m'tchire.

Nanga ife zikutikhudza bwanji?

Mabanja ena a abale athu okhala ku Johannesburg kapena ku Britain ali ndi ana amene angapemphe nalimata ngati mphatso. Ngati m'nyumbamo muli khanda, mayi woyembekezera, agogo kapena munthu wa chitetezo chofooka, yankho labwino ndi kudikira. Kumene phukusi lafika kale, litsegulidwe ndi munthu wamkulu, kutali ndi khitchini. Mapepala a mkati atayidwe, bokosi la nyamayo lisatsukidwire posukira mbale, ndipo aliyense wogwira nalimata asambe m'manja ndi sopo nthawi yomweyo.

Amene tili kumudzi kuno nalimata sititumiziridwa, tili naye kale pakhoma. Ambiri amakhulupirira kuti ali ndi poizoni, koma alibe, ndipo amatithandiza podya udzudzu ndi njenjete. Choopsa ndi zitosi zake, zakuda zokhala ndi kadontho koyera kumapeto, zikagwera m'ndiwo, mu ufa kapena mumtsuko wa madzi akumwa. Palibe chifukwa chomuphera. Vindikirani chakudya ndi madzi, pukutani zitosizo ndi madzi a sopo, ndipo musalole mwana wokwawa kumuseweretsa.

Mavolontiya a zaumoyo akumbukire kuti katemera wa taifodi amene dziko la Malawi lidayamba kupereka mu 2023 sateteza ku mitundu ya Salmonella yochokera ku nyama. Zizindikiro zake ndi kutsegula m'mimba, kutentha thupi ndi kupotokola kwa m'mimba, ndipo zimayamba pakati pa maola 6 ndi masiku 6 kuchokera pamene munthu watenga majeremusiwa. Ambiri amachira pakadutsa masiku 4 mpaka 7, koma mwa makanda ndi anthu a chitetezo chofooka majeremusiwa amatha kulowa m'magazi.

Mwana akatsegula m'mimba, mupatseni ORS ndi zinki, ndipo apitirize kuyamwa ndi kudya. Ngati chimbudzi chili ndi magazi, thupi latentha kwambiri, akusanza chilichonse, akukanika kumwa kapena walefuka, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Mukafika, auzeni adokotala ngati mwanayo adagwirako nalimata, buluzi kapena kamba.