Za Timbalame Tiwiri: ka ku Cuba ndi ka ku Mulanje

Ticeze za timbalame tiwiri.

Pa cisumbu ca Cuba, tsidya lija la nyanja ya mcere, pali kambalame kocepetsetsa mwa mbalame zonse za pansi pano. Azungu akacha bee hummingbird, pakuti msinkhu wake sunasiyane kwambiri ndi njuci yaikuru. Kulemera kwake magalamu 2 okha. Kamamwa madzi ozuna a m'maluwa kali ciimire m'malere, ndipo kakhoza kuuluka cambuyo. Mukadakaona mukadati ndi coso wa kwathu kuno, koma iai. Anzeru amene aika zamoyo m'mafuko ndi m'mabanja, potsata njira imene anaikonza Linnaeus m'caka ca 1758, sakhulupirira nthenga zokha. Apenya mafupa, mapazi ndi pam'mero pomwe. Iwo apeza kuti banja la kambalameka, la Trochilidae, la mitundu yopitirira 300, lipezeka ku America kokha. Coso ali m'fuko lina ndithu, la mbalame zoyimba, pamodzi ndi pumbwa, namzeze, ngakhale khwangwala yemwe. Inde, khwangwala ndi mau ake aja awerengedwa pa oyimba!

M'fuko lomwelo la oyimba muli kacinzake kamene tifuna mukadziwe, ka khosi lacikasu, ka banja la Cisticolidae, dzina lake yellow-throated apalis. Sikakhala kwina kuli konse pa dziko lapansi koma m'nkhalango za pa mapiri a Mulanje, Zomba ndi Malosa.

Tsono ciyambire 1964 bungwe la IUCN lisunga kaundula wa zamoyo zimene zirinkutha, ndipo liziika pa makwerero. Ka ku Cuba analemba kuti tsoka lirinkukayandikira, popeza thengo lake lacepa. Kathu ka ku Mulanje anakaika makwerero awiri kunsi kwake, pa zija zimene zikhoza kutheratu. Ife tiyesa cifukwa cake sicibisika. Kanzake kali nako kothawira pa cisumbu cacikuru, koma aka kali ndi mapiri atatu basi, ndipo pa mapiriwo nkhwangwa siigona: ena afuna matabwa, ena makala, ena munda, ndipo moto wa m'cilimwe umanyambita m'mphepete mwa nkhalango caka ndi caka. Nkhalango ya pa Zomba ikatha, kotsala nku Malosa ndi ku Mulanje kokha.