Maganizo Athu: Kuletsa kanema sikuthetsa nkhanza

M'chaka cha 2018, mayi Wanuri Kahiu a ku Kenya adatulutsa kanema wotchedwa Rafiki, wonena za atsikana awiri a mu Nairobi amene adakondana. Bungwe la boma loyang'anira makanema lidawauza kuti asinthe mathero a nkhaniyo. Iwo adakana, ndipo kanemayo adaletsedwa, ngakhale adali woyamba wa ku Kenya kuonetsedwa pa chionetsero chachikulu cha ku Cannes, m'dziko la France. Atakadandaula ku khoti, adaloledwa kumuonetsa kwawo masiku 7, ndipo anthu adakhamukirako.

Tikudziwa kuti ambiri mwa inu awerengi, makamaka abusa ndi ansembe, simugwirizana ndi chikondi chotere. Koma m'kanemayu gulu la anthu likumenya atsikanawo, kenaka apolisi nkutenga omenyedwawo, omenyawo nkuwasiya. Izi ndi zimene mayiyu adafuna kuti anthu a kwawo aone ndi maso, ngakhale zidamutsekera msika.

Ife tikuti lalikirani zimene mumakhulupirira, koma lalikiraninso kuti palibe amene adapatsidwa mphamvu yomenya mnzake pamsewu. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.