Mwini Bizinesi Nayenso Amatopa

Ambirife tikafuna kudziwa ngati bizinesi ikuyenda, timawerenga phindu. Kwa nthawi yaitali akatswiri ofufuza m'mayunivesite ankachitanso chimodzimodzi, koma masiku ano ayamba kufunsa za mwini wakeyo. Kodi akugona mokwanira? Kodi mtima wake uli m'malo?

Mu 2018, Pulofesa Ute Stephan anasanthula zotsatira za kafukufuku 144 wokhudza thanzi la maganizo la eni mabizinesi. Chimene ofufuza amapeza kawirikawiri n'chakuti munthu wodziimira payekha amakhutira ndi ntchito yake kuposa wolembedwa, chifukwa amadzilamulira. Komabe si onse. Amene anayamba malonda ataona mwayi amakhala osangalala kuposa amene anayamba chifukwa chosowa pogwira, monga ambirife amene tili ndi golosale kapena benchi pamsika.

Ofufuza ena ayang'ana za tulo, ndipo apeza kuti wamalonda akagona bwino, mawa lake nzeru zatsopano zimabwera mosavuta. Nawo mabungwe a WHO ndi ILO ananena mu 2021 kuti kugwira ntchito maola 55 kapena kuposerapo pamlungu kumawonjezera chiopsezo cha sitiroko ndi 35 peresenti, poyerekeza ndi maola 35 mpaka 40.

Tiyeni tiwerengetsere. Tikamatsegula 6 koloko m'mawa n'kutseka 8 koloko usiku kwa masiku 6, ndiye kuti takwanitsa maola 84. Tiike nthawi yotsekera ndipo tiisunge. Tizisinthana ntchito pabanja. Dzuwa likalowa Lachisanu, kope la ngongole tilitseke, maganizo nawonso apumule. Katundu akatha timakaoda wina, koma thupi tili nalo limodzi.