Kompyuta yakale ikakana kulankhula

M'misika ya Tsangano ndi Furancungo anyamata odzaza nyimbo m'mafoni ndi oonetsa kanema amadalira makompyuta akale, ogulidwa pa kaunjika kapena obwera ndi achibale kuchokera ku Joni. Ena amalumikiza okha: bokosi la uku, bolodi la uko, khadi la mawu lotola kwa mnzawo. Dandaulo lomwe limamveka kawirikawiri ndi lakuti makina akuyaka bwinobwino, zithunzi zikuoneka, koma mawu zii.

Apa ndi pamene pamayambira mkangano. Mnyamata wagulitsa matumba a kachewere kuti apeze makinawo, ndiye amathamangira kwa wogulitsa kukamunena kuti ndi wakuba. Chonsecho nthawi zambiri makinawo alibe mlandu.

Choyamba kuona ndi chingwe cha sipika. Kumbuyo kwa bokosi kuli timabowo titatu: kobiriwira ndi ka sipika, kofiirira ndi ka maikolofoni, kabuluu ndi kolowetsera mawu ochokera ku wailesi kapena kaseti. Ambiri achita manyazi atayenda ulendo wautali ndi bokosi pa njinga, n'kukauzidwa kuti analowetsa chingwe pa bowo lolakwika.

Chingwe chikakhala bwino, nkhani imatsala kwa dalaivala. Ameneyu si woyendetsa galimoto ayi, koma kapulogalamu komasulira pakati pa Windows ndi khadi la mawu, monga amachitira womasulira pa bwalo la milandu pamene woweruza akulankhula Chipwitikizi, wodandaula Chichewa. Womasulira akasowa, onse awiri amangoyang'anana. Wina akafufuta makina n'kuikamo Windows yatsopano, dalaivala wakale amapita nawo. Umboni wake umapezeka mu Device Manager, imene pa makina a Chipwitikizi imalembedwa Gestor de Dispositivos: pamaoneka chizindikiro chachikasu pa dzina la khadilo.

Kulakwa kwa ambiri n'kuika dalaivala aliyense wolembedwa Realtek. Kampaniyi inapanga mitundu iwiri yosiyana. Pali AC'97, njira imene Intel inatulutsa mu 1997, ndi HD Audio ya mu 2004, ndipo dalaivala wa umodzi sagwira pa unzake. Komanso Windows XP ya Service Pack 2 imayamba yafuna kachigamba kotchedwa KB888111 isanazindikire HD Audio. Popanda kachigambako munthu akhoza kuika dalaivala wolondola kakhumi, makina osayankha. Wa Windows 98 naye sagwira nthawi zonse pa XP, ndipo wa 32-bit salowa pa 64-bit.

Wosadziwa dzina la khadi lake asalote. Atsegule bokosi, magetsi atazimitsa, awerenge zolembedwa pa kachipangizo kakuda ka pa khadipo. Apo ayi, mu Device Manager momwemo muli nambala yoyamba ndi VEN: 1102 ndi ya Creative, 10EC ndi ya Realtek. Nambalayi ndiyo ayenera kupita nayo kwa mnzake wa intaneti.

Makina akale zedi, a nthawi ya DOS, ali ndi mwambo wawo. Sound Blaster ya kampani ya Creative ya ku Singapore inatuluka mu 1989, ndipo Sound Blaster 16 mu 1992. Makadi amenewa amalowa pa mpata wautali wakuda wotchedwa ISA, osati woyera waufupi wa PCI, ndipo kukakamiza n'kuthyola bolodi. Khadi lotere limaitana makina kudzera pa nambala yakeyake, IRQ. Likapatsidwa 7, imene ndi ya bowo la pulinta, zimakhala ngati ana awiri a dzina limodzi m'nyumba: mawu amadukaduka kapena makina amauma. Ambiri amalisamutsira pa 5, n'kulemba mzere wakuti SET BLASTER=A220 I5 D1 mu AUTOEXEC.BAT kuti masewera akale adziwe kolipeza.

Vuto lofanana limabuka bolodi likakhala ndi mawu akeake, mwini n'kuwonjezapo khadi lina. Limodzi liyenera kutsekedwa mu BIOS. Nalo fumbi la chilimwe ndi chinyezi cha nkhungu ya ku Tsangano zimadetsa mano a khadi. Kulizula, kupukuta manowo ndi labala wa pensulo ndi kulibwezera bwino kwadzutsa makadi amene eni ake anali atawataya kale.

Zonsezi zikakanika, pali kachipangizo ka mawu kolowetsa pa USB, kotchipa, kamene XP imakazindikira yokha popanda dalaivala wapadera. Okonda zinthu zakale amakanyoza, koma mnyamata amene akwaya akumudikira kuti awajambule Loweruka alibe nthawi ya mwambo.

Microsoft inaleka kuteteza Windows XP mu April 2014. Choncho dalaivala akapezeka, mwini amusunge pa fulashi yakeyake yosabwereketsa, chifukwa fulashi zoyenda m'manja mwa makasitomala ndizo zimabweretsa mavairasi, ndipo makina akafufutidwanso ulendo wa kwa mnzake wa intaneti umayambiranso.