Pogula kompyuta, musakomedwe ndi manambala

Msodzi aliyense wa pa Swang'oma, kunyanja ya Chilwa m'boma la Phalombe, amadziwa kuti anthu khumi m'bwato sathandiza ngati nkhafi ili imodzi. Liwiro limadalira mphamvu za wopalasayo.

Ndi mmene zililinso ndi purosesa, ubongo wa kompyuta. Mkati mwake muli timagawo totchedwa core. Ogulitsa amatamanda kuchuluka kwa timagawoti, koma ntchito zambiri zamuofesi ndi kusukulu, monga kulemba makalata, zimadalira kwambiri liwiro la kagawo kamodzi.

Liwiroli amaliyeza ndi mapulogalamu ngati Geekbench ndi Cinebench, omwe amapereka malikisi a single-core padera. Komatu manambala amasocheretsa. Mu 2024 kampani ya AMD idati mapurosesa ake a Ryzen 9000 akuposa akale ndi pafupifupi 16 peresenti, koma akatswiri oima paokha adapeza kuti pamasewera apakompyuta kusiyanako kudali kochepa.

Chinanso, oyesawa amagwiritsa ntchito zoziziritsira zamphamvu. M'kachipinda kotentha ka kuchigwa mu Okutobala, purosesa ikatenthedwa imadzichepetsera yokha liwiro.

Nkhaniyi ndi ya ndalama. Kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mapurosesa onse amachokera kunja. Mphunzitsi wamkulu kapena mwini bizinesi akalakwitsa pogula, sabwereza msanga.

Choncho fananitsani malikisi ochokera papulogalamu imodzimodzi, funsani za single-core, ndipo yesani makinawo ndi ntchito yanu musanalipire. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.