Ufa wa m'botolo sulumikiza fupa la agogo

Mukakwera minibasi yochokera ku Mzuzu kupita ku Rumphi, kapena mukazungulira pamsika wa Bolero, simulephera kukumana ndi mnyamata wa chikwama chodzaza mabotolo. Ufa wa cham'mwamba, wa malambe, tiyi wobiriwira. Akuti muli ma-antioxidant, ndiye agogo akamwa mafupa alimba ngati a mtsikana. Mawu achizunguwo ndi amene akukweza mtengo.

Matendawo alipodi. Madokotala amati osteoporosis: fupa limafumbwa mkati ngati chimanga cha m'nkhokwe, kunja likuoneka bwinobwino. Amakonda amayi amene anasiya kusamba, chifukwa mahomoni a estrogen amene amateteza mafupa amakhala atatsika. Silipweteka ayi. Mumangomva kuti agogo aterereka pochokera kudimba ku Nchenachena, fupa la m'chiuno lathyoka.

Nanga ma-antioxidant? Pamenepa tisanamizane, abale. Lycopene wa mu tomato, resveratrol wa mu mphesa ndi zina za mu tiyi zaonetsadi kuti zimachedwetsa kudyeka kwa fupa, koma umboni wambiri ndi wa makoswe ndi wa m'labotale. Pa anthu sunafike poti dokotala n'kulemba ufa m'malo mwa mankhwala ngati alendronate. Ndipo wa chikwamayo sangakuuzeni kuti m'supuni imodzi muli zochuluka bwanji.

Chimene fupa limafuna n'chodziwika kale: kashiamu, pafupifupi mamiligalamu 1,000 patsiku kwa munthu wamkulu, vitamini D amene dzuwa limatipatsa ulere, ndi kuyenda. Usipa wa ku Chiweta ndi ku Mlowe, umene timadya ndi minga yomwe, uli ndi kashiamu wambiri. Bonongwe, nkhwani, soya, mkaka, chimodzimodzi. Cham'mwamba nachonso n'chabwino, koma ngati ndiwo za m'mbale, osati mankhwala a mtengo wa chigoba cha usipa.

Inu ophunzira musati izi n'za nkhalamba. Fupa limamangidwa mpaka zaka pafupifupi 30, kenako mumangodya zomwe munasunga. Fodya, yemwe alimi a m'chigwa cha Henga amamudalira, akalowa m'mapapo amafooketsa mafupa. Kachasu nayenso.

Kuyambira 2019 tili ndi bungwe la PMRA loyang'anira mankhwala m'dziko muno. Litsike ku Lilongwe lidzaone zomwe zalembedwa pa mabotolowa. Pakuti agogo akagwa, amagona milungu pa bedi lachipatala mwendo atawukoka ndi zitsulo, wa chikwama uja ali pa msika wina ku Karonga.